Mmene ndinathanirana ndi kupweteka kwa khosi pa ntchito yanga yosoka

Ndine telala, ndipo ntchito yosoka ndakhala ndikuigwira kuyambira ndili mtsikana, poyamba pakhonde la sitolo ina ku Limbe, kenako m'kachipinda kamene ndimachita lendi kufupi ndi msika ku Bangwe. Pakati pa ife osoka, kupweteka kwa khosi sitikuwerengera m'gulu la matenda, chifukwa pafupifupi aliyense amene wakhalitsa pa makina amadandaula nako, ndipo tinangozolowera kunena kuti ndi mmene ntchito yathu ilili. Ine ululu umenewu unafika pondiimitsa ntchito pa nthawi imene ndinali ndi zovala za anthu zambiri, ndipo zimene zinandithandiza sizinali zodula, kungoti panalibe amene anandifotokozerapo kale.

Vutoli linakula m'miyezi imene atelala timatanganidwa kwambiri. Mu Ogasiti ndi Seputembala makolo amabwera ndi nsalu za yunifolomu, ndipo aliyense amafuna kuti ya mwana wake ithe sukulu isanatsegulidwe. Ukangomaliza zimenezo pamabwera zitenje za Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala, pamodzi ndi zovala za zinkhoswe ndi maukwati, mpaka kukafika pa Khirisimasi. Chaka chimenecho ndinkakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka mdima, kudzuka pokhapokha ndikafuna kuyeza munthu kapena kusita. Poyamba ndinkangomva kulemera kunkhongo madzulo, kumene kunkatsikira m'mapewa n'kumawotcha pakati pa msana. Kenako mutu unayamba kuwawa kuchokera kunkhongo kukafika pamphumi. Pamapeto pake khosi linauma moti pofuna kuwoloka msewu ndinkatembenuka thupi lonse kuti ndione galimoto, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja zinayamba kuchita dzanzi, singano n'kumandipulumuka.

Aliyense amene ndinamuuza anali ndi yankho lake. Ambiri ankati, "Mayi, imeneyo ndi BP, khosi likamawawa kumbuyo ndiye kuti magazi akwera." Ena ankati ndikatemere mphini. Mnzanga wina wogulitsa kaunjika anandilangiza kuti ndiziphatikiza Brufen ndi Indocid, poti iye ndi mmene amachitira. Mapiritsiwo ankaziziritsa ululu kwa maola ochepa, kundipatsa mpata wobwerera pa makina n'kukhalanso mmene ndinkakhalira, ndipo posapita nthawi m'mimba munayamba kuwotcha. Nditakayezetsa BP kuchipatala chaching'ono cha kwathu inapezeka ili bwinobwino. Amene anandiyezawo anandiuza chinthu chimene ndikufuna aliyense achidziwe: kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, munthu angathe kukhala nako zaka zambiri khosi lake lili bwino, ndipo wina khosi lingamuwawe kwambiri BP yake ili yabwino. Kuyezetsa n'kofunika, koma kumwa mankhwala a BP a mnzako chifukwa chakuti khosi likuwawa n'kudziika pangozi.

Dokotala amene anandiona pambuyo pake sanafulumire kulemba mankhwala. Anandifunsa ngati thupi limatentha, ngati ndikuonda, ngati ndimatuluka thukuta usiku kapena kutsokomola, ngati ndinagwapo kapena kuchita ngozi ya galimoto, ngati ndikudziwa mmene magazi anga alili pa nkhani ya HIV, ndiponso ngati miyendo imafooka poyenda. Anandiuza kuti ndifinye zala zake, ndikankhe dzanja lake, ndiyende pang'ono iye akuyang'ana. Ine mtima wanga unali pa X-ray, pakuti ambiri timakhulupirira kuti ukapanda kujambulidwa ndiye kuti sunathandizidwe. Iye anati, "Mayi, tikajambula makosi a anthu a msinkhu wanu, ambiri tiwapeza mafupa ayamba kuperepeseka, ngakhale amene sakumva kuwawa kulikonse. Chithunzicho chingokuopsezani, koma chithandizo chikhala chomwecho." Anafotokoza kuti kujambula kumafunika pamene munthu wavulala, pamene akukayikira matenda ena, kapena pamene dzanja likunka lifooka. Atatero ananditumiza ku mafizo, kumene amathandiza odwala powaphunzitsa kuyendetsa ndi kulimbitsa ziwalo za thupi.

Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa chimene chinkachitika. Mtsikana amene ankandithandiza, wamng'ono woti akhoza kukhala mwana wanga, anandionetsa chifanizo cha mafupa. Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, pakati pawo pali tizinthu tofewa timene amatitcha madisiki, mkati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo m'mbali mumatuluka mitsempha ina imene imapita m'mapewa, m'mikono mpaka kunsonga za zala. Pamwamba pa zonsezi pakhala mutu, umene mwa munthu wamkulu umalemera makilogalamu 5 kapena kuyandikira pamenepo. Anandifunsa kuti, "Amayi, paketi ya ufa ya makilogalamu 5 mukaikumbatira pachifuwa mungayende nayo mtunda wautali bwanji? Nanga mukaigwira mutatambasula mkono kutsogolo?" Mutu ukakhala molunjika pamwamba pa mapewa, mafupa ndi amene amaunyamula ndipo minofu imagwira ntchito yochepa. Ukaweramira kutsogolo, minofu ya kunkhongo ndi ya m'mapewa imakoka osapuma kuti mutuwo usagwe, ndipo ikachita zimenezi maola ambiri tsiku ndi tsiku imatopa, imalimba, n'kuyamba kuwawa. Dzanzi la m'zala zanga linkabwera chifukwa umodzi mwa mitsempha yotuluka m'khosi unkapanikizika potulukira pake, ndipo zala zimene zinkachita dzanzizo n'zimene zinamuthandiza kudziwa kuti ndi mtsempha uti.

Funso limene linandidabwitsa linali la maso. Anandifunsa ngati ndimathabe kulowetsa ulusi pa singano mosavuta, ndipo zoona zake n'zakuti kwa nthawi ndithu ntchito imeneyo ndinali nditaisiyira mwana amene ndimamuphunzitsa kusoka. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona bwino zinthu zing'onozing'ono zapafupi, ndipo izi zimachitikira pafupifupi aliyense, si matenda ayi. Wowerenga nyuzipepala amangoitalikitsa, koma telala sangasunthe singano ya makina, choncho amakankhira mutu kutsogolo, amatsinzina, amapendeketsa khosi kufunafuna pamene msoko uonekere. Onjezani pamenepo kachipinda ka zenera limodzi, nsalu yakuda ya suti ndi magetsi othimathima. Ndinali ndikusaka mankhwala a khosi pamene gawo lalikulu la vutolo linali m'maso. Nditayezetsa n'kupeza magalasi owerengera, komanso nditasunthira makina pafupi ndi khomo kuti kuwala kuzigwera pa singano, ndinazindikira kuti ndikutha kusoka msana uli chilili, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti n'chotheka. Pa zonse zimene ndinasintha, ichi ndi chimene ndimachiika patsogolo, ndipo ndimauza aphunzitsi ochonga makope, oluka tsitsi, okonza mafoni ndi onse ogwira ntchito ya maso kuti khosi likayamba kuvuta pa msinkhu umenewu akayezetsenso maso.

Chachiwiri chinali mpando. Ndinkakhalira kabenchi kopanda potsamira, katali kuposa mmene tebulo la makina limafunira, moti kuti ndifike pa nsalu ndinkachita kupinda msana wonse. Mmisiri wa matabwa anandikhomera mpando wokhala ndi potsamira, wa msinkhu woti mapazi azifika bwino pa chopondera, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti ndiponso mapewa asakwere. Panalinso foni. Makasitomala masiku ano amatumiza masitayilo pa WhatsApp, ndipo madzulo, khosi litatopa kale, ndinkakhalanso chiweramire ndikuyang'ana zithunzi foni ili pamiyendo. Podula nsalu ndinkaipanikiza pakati pa khutu ndi phewa kuti manja onse agwire ntchito. Tsopano foni ndimaikweza kufupi ndi nkhope, ndipo wina akaimba ndili ndi sizasi m'manja ndimaika kuti mawu azimveka patali kapena ndimayamba ndasiya kudulako.

Nkhani yosenza ndinaifunsa ndekha, chifukwa madzi akasiya kutuluka kwathu ndimakatunga, ndipo ndinakula ndikusenza nkhuni ndi ndowa monga mtsikana aliyense wa kumudzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 a madzi okhaokha, ndiye kuti khosi lanyamula mitu inayi pamwamba pa wake, osanena za thumba la chimanga la makilogalamu 50 limene ena amapita nalo kuchigayo pamutu. Wa mafizoyo sanandiuze kuti amayi asiye kusenza, ndipo akanatero ndikanadziwa kuti sakudziwa moyo wathu. Anati pa nthawi imene khosi likuwawa ndi dzanzi lilipo ndisasenze konse, ndipo ndikachira ndizichepetsa katundu ngakhale zitatanthauza kupita kawiri, ndiziika nkhata yabwino pakati penipeni pa mutu, ndizipempha wina kunditwika ndi kunditula, komanso ndisamatembenuze khosi mwadzidzidzi katundu ali pamutu. Malo oopsa kwambiri ndi podzitwika wekha, potula, ndi popunthwa. Zimandimvetsa chisoni kuona tiatsikana ta zaka zosakwana khumi titasenza chigubu chodzaza, chifukwa mafupa awo akadali kukula.

Za kagonedwe sindichulutsa. Ndinkagona chafufumimba mutu utapotokera mbali imodzi usiku wonse, ndipo kugona kotero n'kumene kumadzutsa anthu ambiri khosi litagwira. Kugona chammbali kapena chagada kuli bwino, ndi pilo mmodzi woti mutu ukhale mzere umodzi ndi msana, osakwera kwambiri kapena kulendewera. Sindinagule pilo wapadera. Ndinapinda chitenje n'kuchikulunga, n'kuchilowetsa m'mphepete mwa pilo kuti chizidzaza mpata wa pakhosi.

Chinthu chimene sindinkafuna kuvomereza ndi chakuti nkhawa nayo imakhala m'khosi. Miyezi imeneyo ndinali ndi ngongole ya banki m'khonde, lendi inali itakwera, ndipo makasitomala ena ankabwera kudzakalipa pakhomo chifukwa cha zovala zochedwa. Munthu akapanikizika m'maganizo amakweza mapewa ndi kulumanitsa mano mosadziwa, tulo samagona bwino, ndipo thupi losagona limamva ululu kwambiri. Ndinayamba kukana ntchito imene ndikudziwa kuti sindingaimalize pa tsiku limene mwiniwake akufuna. Kukana ndalama n'kowawa kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, koma masiku amene ndinatseka chitseko chifukwa cha khosi anandidyera ndalama zoposa pamenepo.

Chithandizo chenicheni chinali kuyendetsa khosi, zosiyana ndi zimene ndinkaganiza. Ine ndinkaliteteza, osafuna kulisuntha, mpaka ndinafunsa za kolala yomanga m'khosi ija. Wa mafizo uja anandiuza kuti kupatula kwa munthu wovulala kapena amene dokotala wamulamula, kolala yovala nthawi yaitali imafooketsa minofu ndipo khosi limauma koposa. Anandiphunzitsa kukhala mowongoka, maso kutsogolo, n'kubweza chibwano m'mbuyo pang'onopang'ono popanda kuweramitsa kapena kudzutsa mutu, kugwira pamenepo masekondi 5, kumasula, n'kubwereza kakhumi. Kenako kutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere mpaka pamene wayamba kukoka koma osapweteka, kupendeketsa khutu kulowera kuphewa mbali zonse, kuzunguza mapewa chammbuyo, ndi kukokera mapewa kumbuyo ngati ukufuna kuti akakumane pamsana. Lamulo lake linali lakuti kukoka pang'ono n'kololedwa, koma ululu ukathamangira m'mkono kapena dzanzi likawonjezeka ndisiye n'kukamuuza. Anatsindika kuti kuchita pang'ono kangapo pa tsiku kumaposa kuchita kwambiri kamodzi, ndi kuti ndisapitirire theka la ola ndili pa makina osadzuka. Popeza ndikakhala pa msoko ndimaiwala nthawi, ndinasamutsa tebulo lositira ndi lodulira kuti zikhale patali ndi makina, ndipo ndinasiya kutuma mwana kuti andipatsire zinthu. Kudzuka kunalowa m'ntchito momwemo.

Madzulo ndinkathowa kunkhongo ndi m'mapewa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, osati otentha owaula khungu, kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo mwana wanga ankanditikita m'mapewa mofatsa. Pa mankhwala, dokotala anandisiyitsa zophatikiza zija n'kundisiyira Panado yekha. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a 500 mg, kutalikitsa maola 4 mpaka 6, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku, chifukwa ochuluka amawononga chiwindi, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi ayenera kufunsa kaye. Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi a banja limodzi, choncho kuwamwera pamodzi sikuwonjezera mphamvu koma kumawonjezera ngozi ya zilonda za m'mimba ndi kuwonongeka kwa impso. Amamwedwa munthu atadya, kwa masiku ochepa, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, la mtima, BP, mphumu, kapena mayi woyembekezera asawamwe asanaonane ndi achipatala.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Kuuma kunayamba kuchepa m'masabata oyambirira, mutu unasiya kuwawa, koma dzanzi la m'zala linachedwa, linatenga miyezi, ndipo panali masiku amene ndinkaona ngati ndabwerera pakale. Anali atandichenjezeratu kuti mtsempha umachira mochedwa kuposa mnofu, ndi kuti kupweteka kwa khosi kwa mtundu uwu kumatha mwa anthu ambiri popanda opaleshoni. Mpaka lero nyengo ya yunifolomu ikafika khosi limandikumbutsa, koma ndimadziwa chochita lisanafike poipa.

Komabe si khosi lililonse lowawa limene liyenera kuthowedwa kunyumba, ndipo mafunso aja dokotala anandifunsa poyamba anali kufufuza zimenezi. Khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza, kudana ndi kuwala, kusokonezeka kapena kugona kwambiri, makamaka ngati munthu akulephera kugunditsa chibwano pachifuwa, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha m'masiku ochepa, nthawi zina m'maola. Mnyamata wina woyandikana nafe anadwala chonchi, apabanja n'kumati ndi malungo ndi kugona molakwika. Anapulumuka chifukwa agogo ake anakakamira kuti apite naye kuchipatala usiku womwewo, koma khutu limodzi silimvanso. Kwa khanda, liwombo lotupa, kukana kuyamwa ndi kulira kosatonthozeka n'zokwanira kuthamangira kuchipatala ngakhale khosi lisanaume. Kwa amene ali ndi HIV, makamaka amene anasiya kumwa ma ARV kapena chitetezo chawo chatsika, pali mtundu wina wa matendawa umene umayamba pang'onopang'ono ndi mutu wosatha kwa masabata, ndipo umanyenga chifukwa thupi silitentha kwambiri.

TB nayo sikhala m'mapapo mokha. Imatha kugwira mafupa a msana ndi a khosi, kapena kutupitsa anabere a m'khosi, choncho ululu umene sukuchepa ngakhale munthu agone, umene umamudzutsa usiku, wobwera ndi kuonda, thukuta la usiku kapena zotupa, uyenera kuyezedwa. Chimodzimodzi kwa munthu amene anadwalapo khansa. Khosi ndi nsagwada zikauma patapita masiku munthu atalasidwa ndi msomali kapena kutemeka ndi khasu, aganizire kafumbata. Ululu wa m'khosi kapena m'nsagwada wobwera ndi kuthina pachifuwa, befu ndi thukuta ukhoza kuchokera ku mtima. Ndipo manja akayamba kufooka, zinthu n'kumagwa, mabatani n'kumakanika kumanga, miyendo n'kumadzandira, kapena mkodzo ndi chimbudzi n'kumavuta kugwira, ndiye kuti mtsempha waukulu uja ukupanikizika, ndipo kuchedwa kungasiye munthu wolumala.

Masiku ano njinga zamoto za kabaza zachuluka, ngozi zakenso zachuluka. Munthu akagwa n'kumadandaula khosi, kapena akunena kuti manja ndi miyendo sakuzimva, chifundo chathu chomudzutsa, kumukhazika pansi ndi kumuponya m'galimoto atapindika chimatha kumaliza chimene ngoziyo inasiya. Mutu ugwiridwe kuti usagwedezeke, ndipo ngati palibe ambulansi anyamulidwe ndi anthu angapo atagona pa chinthu cholimba monga thabwa kapena chitseko, mutu, khosi ndi msana zili mzere umodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingalole kuti zichitike pa khosi langa. China ndi kuthyoledwa khosi kuti lilire, kumene anyamata ena ometa amachita akamaliza kumeta ngati kukometsera ntchito. Kulirako kumapereka mpumulo wa kanthawi, koma m'khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo kupotokola mwamphamvu kochitidwa ndi munthu wosaphunzira, ngakhale sikuvulaza kawirikawiri, kukavulaza kumabweretsa sitiroko. China ndi mphini. Sindinyoza amene amakhulupirira, pakuti amayi anga omwe anali nazo kunkhongo, koma lezala silifika pamene pali vuto, ndipo likakhala logwiritsa ntchito anthu angapo limabwera ndi matenda ena.

Thandizo la mafizo lilipo m'dziko muno kuposa mmene ambiri timaganizira. Kuno ku Blantyre lili ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ndi ku Kachere Rehabilitation Centre, ndipo limapezekanso ku zipatala zazikulu za Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. M'zipatala zambiri za maboma muli madokotala othandiza pa za mafupa amene angathe kukuonani n'kukutumizani kumene kukuyenera. Njira yake ndi kuyambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu ndi buku lanu la kuchipatala, kuti akulembereni kalata yokutumizani. Popita konzekerani kufotokoza kuti ululu unayamba liti, umafika pati, ndi zala ziti zimene zikuchita dzanzi, chimene chimaukulitsa n'chiyani, ndiponso ntchito imene mumagwira tsiku lonse ndi mmene mumakhalira poigwira. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, kuphatikizapo ogula m'golosale ndi azitsamba, chifukwa dokotala ayenera kuwaona asanakulembereni ena.